Ng'oma za kumudzi zikumana m'matchalitchi a Katolika a m'mizinda

Mkhristu wa mpingo wa Katolika amene wachoka ku Nsanje, ku Rumphi kapena ku Phalombe n'kukakhazikika mumzinda wa Lilongwe amapeza kuti mapemphero a Misa ndi omwe aja adawasiya kwawo, koma maimbidwe ndi ena. Nyimbo yolowera ikhoza kukhala ya Chichewa, ya zopereka ya Chitumbuka, yothokoza ya Chiswahili, pomwe kalizidwe ka ng'oma kakuchokera ku gule amene iye sadamuvinepo chibadwire.

Izi sizichitika mwangozi. Aphunzitsi a makwaya ndi ansembe a m'maparishi a m'mizinda amalimbana ndi funso limodzi sabata ndi sabata: mitundu yambiri ikakhala pa benchi imodzi, kodi ng'oma ilire ya kwa yani?

Kumudzi funsoli silivuta kwenikweni chifukwa anthu a tchalitchi chimodzi amayankhula chiyankhulo chimodzi ndipo adakulira magule amodzimodzi. M'tauni zinthu n'zosiyana. Malinga ndi kalembera wa m'chaka cha 2018, mumzinda wa Lilongwe munali anthu 989,318, mu Blantyre 800,264 ndipo mu Mzuzu 221,272. Kalembera yemweyo adapeza kuti anthu 17 mwa 100 alionse m'dziko muno anali Akatolika. Chikhalireni likulu la dziko m'chaka cha 1975, Lilongwe wakhala akukoka anthu a m'zigawo zonse, ndipo maparishi monga St Patrick's ku Area 18, St Francis ku Kanengo ndi Maula amasonkhanitsa Achewa, Atumbuka, Angoni, Alhomwe, Asena, Atonga ndi Ankhonde pamodzi. Ku Ndirande ndi ku Limbe mu Blantyre nakonso n'chimodzimodzi.

Kale ng'oma inalibe malo m'tchalitchi. Amishoni a chipani cha Montfort atakhazikika ku Nzama m'boma la Ntcheu m'chaka cha 1901, ndipo a White Fathers ku Mua m'boma la Dedza m'chaka cha 1902, Misa inkachitika m'Chilatini. Nyimbo za Chinyanja zimene zinalipo zinali mawu ongovekedwa pa maimbidwe a ku Ulaya. Ng'oma ankaiona ngati ya kudambwe, makamaka kaamba ka mkangano waukulu umene udabuka pakati pa amishoni ndi anyau m'dera la Mua m'zaka za m'ma 1920.

Nyimbo zobwerekazo zinali ndi vuto limene ngakhale munthu wosadziwa zoimba ankalimva. Chichewa chimakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto kwa mawu, komanso tanthauzo la mawu ena limadalira kukweza kapena kutsitsa liwu, monga mmene mtengo wa m'nkhalango umasiyanirana ndi mtengo wa pamsika. Maimbidwe opekedwera Chifalansa kapena Chilatini sasamala zimenezi. Amagogomeza pomwe Mchewa sagogomeza, ndipo mawu amatuluka opindika.

Kusintha kudayambira kunja. M'chaka cha 1958, ku Kamina m'dziko la Congo, wansembe wa ku Belgium Guido Haazen pamodzi ndi kwaya yake adatulutsa Missa Luba, Misa ya mawu a Chilatini koma maimbidwe ndi ng'oma za anthu a kumeneko. Pa 4 December 1963, Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa ku Vatican udatulutsa chikalata cha za chipembedzo chotchedwa Sacrosanctum Concilium, chimene chidatsegula khomo la ziyankhulo za anthu pa Misa. Ndime 119 ya chikalatacho idalamula kuti maimbidwe a makolo a anthu a m'maiko a mishoni alemekezedwe ndi kupatsidwa malo oyenera. M'chaka cha 1988 Roma adavomereza mwambo wa Misa wa madayosizi a ku Zaire, dziko limene pano ndi Democratic Republic of Congo, momwe wansembe ndi omutumikira amavina pozungulira guwa.

Kuno kwathu masisitere a Poor Clares a ku Lilongwe adatchuka popeka nyimbo za chipembedzo zoyendera ng'oma ndi kavinidwe ka Chimalawi. Ku Mua, Bambo Claude Boucher a ku Canada adakhazikitsa malo a zachikhalidwe a Kungoni m'chaka cha 1976, m'dera lomwelo limene mpingo udalimbana ndi nyau. Koma chimene chidafalitsa kwambiri nyimbo m'mizinda ndi miphakati, imene Episkopi Patrick Kalilombe adailimbikitsa mu dayosizi ya Lilongwe m'zaka za m'ma 1970. Pa mphakati, pakhonde la nyumba ya mkhristu mnzawo kapena pa siwa, mayi wochokera ku Mzimba amayambitsa nyimbo ya kwawo, anzake n'kuigwira. Pakapita miyezi nyimboyo imapezeka yafika ku kwaya ya parishi.

Chimene mitundu yonseyi imagwirizana ndi kaimbidwe kotsogolera ndi kuvomera. Mmodzi amadula mzere, gulu lonse n'kuyankha, monga zimakhalira pamtondo, paukwati ndi pamaliro. Kaimbidwe kotere sikalira buku, n'chifukwa chake munthu amatha kulowa m'nyimbo ya chiyankhulo chimene sachidziwa akangomva kawiri kapena katatu. Kuwomba m'manja ndi nthungululu za amayi nazonso n'za aliyense.

Kusiyana kumaonekera pa ng'oma ndi pa mapazi. Ingoma ya Angoni imadalira kuponda pansi mwamphamvu ndi mawu olemera a abambo. Chimtali cha amayi a Chichewa n'chopepuka ndipo chimayenda mozungulira. Tchopa cha Alhomwe, utse wa Asena ndi chioda cha m'mbali mwa nyanja chilichonse chili ndi liwiro lake, ndipo visekese vimene amayi a kumpoto amagwedeza vidalowa kale m'makwaya a m'zigawo zonse. Malo amene kalizidwe kotere kamapatsidwa mpata kwambiri ndi polowa, pa nyimbo ya Ulemu, poperekeza buku la Mawu a Mulungu, popereka mphatso ndi pothokoza.

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Ng'oma ili ndi tanthauzo, ndipo tanthauzolo si limodzi kwa onse. Kalizidwe ka mbalule kamene mnyamata wa ku Karonga angakaone ngati kokoma chabe, kwa gogo wa ku Dedza ndi ka gule wamkulu, ndipo kamamukumbutsa zimene adalonjeza kusiya pa ubatizo. Kalizidwe ka vimbuza n'kokopa kwa munthu wa ku Chikwawa, koma Mtumbuka amadziwa kuti ng'oma imeneyo imalira pochiza wodwala mizimu. Manganje ndi a chinamwali. Magule a vimbuza ndi gule wamkulu adalandira ulemu wa bungwe la UNESCO m'chaka cha 2005, ndipo tchopa m'chaka cha 2014, koma ulemu umenewo suyankha funso loti gule aliyense ali ndi malo paguwa kapena ayi. Mphunzitsi wa kwaya wosamala amatenga kugunda kwake, n'kuchepetsa liwiro, n'kutaya maimbidwe amene anthu angawalumikize ndi mawu akale. Wosasamala amaseketsa theka la tchalitchi, theka linalo likupemphera.

Chiyankhulo nacho chili ndi mbiri yake. M'chaka cha 1968 Chichewa chidasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko ndipo Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi ya boma kufikira 1994. Kwa munthu amene adaona nyengo imeneyo, kumva tchalitchi chonse ku Lilongwe chikuimba m'Chitumbuka si nkhani yaing'ono, ngakhale ena azipotoza mawu. Komabe nyimbo imodzi pa Misa siikwanira mitundu yonse. Chindali, Chilambya ndi Chisena sizimveka kawirikawiri, ndipo maparishi ambiri a m'mizinda ali ndi Misa ya Chingerezi payokha, imene imagawa akhristu osati potengera mtundu koma sukulu ndi ntchito.

Mpikisano waukulu wa ng'oma lero si limba la amishoni koma kiyibodi. Gulu la Alleluya Band, limene lidayamba ku Balaka m'chaka cha 1978 mothandizidwa ndi Bambo Mario Pacifici, lidasonyeza kuti magitala ndi zida zamagetsi zikhoza kutumikira mpingo. Radio Maria, imene idayamba kuulutsa mawu ku Mangochi m'chaka cha 1999, idathandiza kuti nyimbo yopekedwa ku parishi imodzi imveke dziko lonse. Makwaya adayamba kujambula zimbale, ndipo maimbidwe a ku Congo, Tanzania ndi Zambia adalowa mosavuta. Vuto la kiyibodi n'loti ili ndi ng'oma zake za m'kati zimene woimba amangodina. Tchopa, ingoma ndi chimtali zikadutsa m'makinawo zimatuluka zofanana, ndipo zokuzira mawu zikakwezedwa, mpingo umasanduka oonerera kwaya.

Malamulo a mpingo sadasiye nkhaniyi poyera. Malangizo a ku Vatican a m'chaka cha 1994 otchedwa Varietates Legitimae amalola kuwomba m'manja, kugwedezeka ndi kuvina, pokhapokha zikhale pemphero la gulu lonse osati chionetsero. Udindo wovomereza zida ndi maimbidwe uli m'manja mwa maepiskopi a dziko lililonse. M'nyengo ya Lenti nyimbo ya Ulemu ndi Aleluya siziimbidwa pa Misa za Lamulungu, ndipo zida zimaloledwa pongothandizira mawu a oimba.

Nyengo imeneyi ndiyo imaonetsa kwaya imene idaphunzitsa anthu kuimba ndi imene idangowazoloweza kumvera. Zimaonekanso magetsi akathima pakati pa Misa, monga zimachitikira kawirikawiri m'mizinda ya dziko lino. Kiyibodi imati zii, mnyamata wina amathamangira ng'oma imene idatsamira pakona, amayi a kumbuyo amakweza mawu, ndipo nyimbo imapitirira.