Ndalama Zilipo, Koma Akufunabe Nkhoswe



Miyezi ingapo yapitayo tidalandira lamya kuchokera ku Leicester, m'dziko la England limene makolo athu ankalitchula kuti Mangalande. Woimbayo adali bambo wina wachikulire wa kwathu konkuno, amene wakhala kumeneko zaka zoposa 20 ndipo ali ndi nyumba yakeyake. Titatha malonje adati: "Mwalimu, mwana wa mlongo wanga akufuna ndimusainire pepala la nyumba ya lendi. Kodi ndikasaina ndiye kuti ndadzikoleka chiyani m'khosi?"

Amene ankamutchula mwanayo ndi mayi wa zaka 41. Timamudziwa bwino chifukwa ana ake awiri adaphunzira pa madrasa yathu. Ndi namwino, ntchito yake ndi yokhazikika, ndipo ku banki adasunga ndalama zokwanira kulipira lendi ya chaka chathunthu. Chipitireni ku England zaka zitatu zapitazo wakhala m'chipinda china m'nyumba ya achibale, akumapereka gawo lake pamanja mwezi ndi mwezi. Tsono nthawi idakwana yoti anawo amutsatire, ndipo adapeza nyumba ya £900 pamwezi. Ejenti woyang'anira nyumbayo adaona mapepala onse, nanena kuti mfungulo sapereka pokhapokha mayiyo abweretse guarantor, kutanthauza munthu wokhala m'dziko lomwelo, wa malipiro okwanira, makamaka wokhala ndi nyumba yake, amene asaine kuti wa lendiyo akalephera kulipira adzalipira ndi iye.

Ife tizimutchula munthu ameneyu kuti nkhoswe, ngakhale pali kusiyana. Nkhoswe ya ukwati imakhala pa mphasa kuyanjanitsa anthu. Iyi imapisa m'thumba.

MUYEZO WA MAEJENTI

Kuno kwathu, kaya ku Ndirande kaya ku Area 25, mwininyumba amakuyang'ana kumaso, afunse kumene umagwira ntchito, alandire lendi ya miyezi itatu, nkhani yatha. Ku England eninyumba ambiri sakumana nkomwe ndi wofuna nyumba. Ntchitoyo amaisiya m'manja mwa maejenti, ndipo maejentiwo amatumiza dzina lako ku makampani ofufuza mbiri ya anthu.

Muyezo wofala ndi wakuti malipiro ako a pachaka akhale ofanana ndi lendi ya pamwezi kuchulukitsa ka 30. Pa nyumba ya £900 ndiye kuti uzilandira £27,000 pachaka. Kwa nkhoswe amakweza kufika ka 36, ndiye kuti £32,400. Mlongo wathuyu muyezo umenewu adaupitirira. Chidamugwetsa ndi china.

M'dzikomo muli makampani atatu akuluakulu osunga mbiri ya ngongole za anthu: Experian, Equifax ndi TransUnion. Chimene chimalembedwa kwambiri m'mabuku awo ndi chimene munthu adakongola ndi m'mene adabwezera. Wokhala ndi kadi ya ngongole, wogula galimoto pangongole, wobweza pang'onopang'ono mwezi uliwonse, ameneyo dzina lake limanenepa. Koma munthu wongofika kumene, amene sadakongolepo kanthu, amene amagula chinthu ndalama ikakwana, tsamba lake limakhala loyera, ndipo tsamba loyera kwa iwo ndi munthu wosadziwika. Zaka zitatu zolipira achibale pamanja sizidalembedwe paliponse.

Apa ndi pamene nkhaniyi imatikhudza ife Asilamu kuposa ena. Timaphunzitsa ana athu kuthawa riba, ndipo ambiri amene adamva phunzirolo amakana makadi a chiwongoladzanja. Khalidwe lomwelo limene tinganene kuti ndi umboni wa munthu wosamala chuma, kwa kompyuta ya ejenti ndi kusowa umboni. Sitikunena kuti adachita kukonza zimenezi pofuna kusala Asilamu, ayi. Msampha womwewo umakola oyendetsa matakisi ndi eni timagolosale amene ndalama zawo sizibwera mofanana mwezi uliwonse, opuma pantchito amene ali ndi chuma koma alibe malipiro, ndi mayi amene ukwati watha pomwe mapepala onse a pakhomo adali m'dzina la mwamuna. Munthu wa imvi amauzidwa kuti akapeze womusainira, ngati mwana wa sukulu.

MBALI YA MWININYUMBA

Chilungamo chimafuna timvenso mbali inayo. Lamulo la Tenant Fees Act la 2019 lidaletsa mwininyumba ku England kulandira dipoziti yoposa lendi ya masabata asanu pa nyumba zambiri. Wa lendi akasiya kulipira, mwininyumba sangamutulutsire katundu pabwalo monga timaonera m'makwalala mwathu muno. Ayenera kupita kukhoti, ndipo mlandu umatenga miyezi, kwinaku mwina iyeyo akubwezabe ngongole imene adagulira nyumbayo. Ena amagula inshuwalansi yoteteza lendi, ndipo a inshuwalansiwo amafuna kuti wa lendi akhale wopambana kafukufuku uja kapena akhale ndi nkhoswe. Kuwonjezera apo ofuna nyumba achuluka, choncho ejenti sataya nthawi kumvetsa nkhani ya munthu mmodzi pamene ena akudikira pakhomo.

Kunena mosabisa, chimene mwininyumba akufunsa si chakuti uli ndi ndalama zingati lero. Akufunsa kuti zikavuta adzagwira ndani. Ndalama za ku banki zikhoza kutumizidwa ku Mangochi usiku umodzi, koma nyumba ya amalume ku Leicester siyenda.

Kale amene alibe nkhoswe ankadziombola polipiriratu lendi ya miyezi 6 kapena chaka. Njira imeneyi yatsekedwa ndi lamulo latsopano la Renters' Rights Act, limene lidavomerezedwa mu October 2025, ndipo boma lidaika 1 May 2026 kukhala tsiku loyambira zigawo zake zikuluzikulu. Pansi pa lamuloli mwininyumba sangafune lendi yolipiriratu yoposa ya mwezi umodzi, komanso sangachotse munthu m'nyumba popanda chifukwa. Cholinga ndi chabwino, pakuti osauka ankapikisana ndi olemera pa nyumba imodzimodzi n'kumagonja. Koma lamulolo silidaletse kufuna nkhoswe, ndipo m'kuona kwathu mwininyumba amene wamangidwa dzanja limodzi adzagwiritsa kwambiri ndi linalo.

Maiko ena adayesa njira zawo. Ku France, kuyambira 2016 kuli ndondomeko yotchedwa Visale, imene imaimira achinyamata ndi antchito ena ngati nkhoswe popanda kuwalipiritsa. Ku Japan, kumene mwambo wofuna nkhoswe ndi wakale, lamulo losinthidwa lidayamba kugwira ntchito mu April 2020 kuti munthu wamba akamasaina unkhoswe wa lendi, pepalalo lilembe malire a ndalama zimene angadzalipire, apo ayi unkhoswewo ndi wopanda mphamvu.

CHIMENE NKHOSWE IKUSAINIRA

Tibwerere kwa bambo aja. Tidawapempha atiwerengere pepalalo pa lamya, mzere ndi mzere. Lidali lonena kuti adzalipira lendi iliyonse yotsala, chilichonse chowonongeka m'nyumbamo, ndi ndalama za kukhoti, kwa nthawi yonse imene mayiyo adzakhale m'nyumbamo, ngakhale lendi itakwera. Padalibe tsiku lothera, padalibe malire a ndalama.

Owerenga athu amene ali kumeneko adziwe zinthu izi. Unkhoswe ku England umagwira ntchito ukalembedwa ndi kusainidwa, malinga ndi lamulo lakale kwambiri la 1677, ndipo ukasaina sungauthawe chifukwa choti mwakangana ndi m'bale wakoyo. Ngati anthu atatu achita lendi nyumba imodzi pa mgwirizano umodzi, nkhoswe ya mmodzi ikhoza kulipiritsidwa ngongole ya onse atatu, pokhapokha pepala linene mosiyana. Khoti likagamula kuti nkhoswe ilipire ndipo yalephera kutero m'mwezi umodzi, chigamulocho chimakhala pa dzina lake zaka 6. Ndipo poti lamulo latsopano lija lachotsa migwirizano ya lendi yokhala ndi tsiku lothera, funso lakuti unkhoswe udzatha liti lakula kuposa kale. Chimodzi chimene lamulolo lapepuza ndi ichi: pa migwirizano yatsopano, wa lendi akamwalira nkhoswe siyeneranso kulipira lendi ya miyezi ya pambuyo pa imfayo. Kale makolo ena ankalandira kalata yofuna lendi ali pa maliro a mwana wawo.

Nkhani imeneyi si yachilendo m'maphunziro athu. M'mabuku a fiqh muli mutu wathunthu wa kafala kapena dhaman, ndiko kusenza ngongole ya mnzako. M'Surat Yusuf, ndime 72, muli munthu wodzipereka kukhala nkhoswe ya mphotho imene idalonjezedwa. Timadziwanso za mtembo wa munthu wa ngongole umene Mtumiki (mtendere ndi madalitso zikhale pa iye) sadausalire mpaka Abu Qatada atavomera kusenza ngongoleyo. Choncho kuimira mnzako ndi ntchito yabwino, ndipo amene wavomera ayenera kulipira ndithu. Koma pa ngongole yosadziwika kukula kwake maulama adasiyana maganizo. A madhhab a Hanafi, Maliki ndi Hanbali amailola, pomwe a Shafi'i, amene ambiri a ife timatsatira, amafuna kuti chimene ukusenzacho chidziwike. Tidaseka tokha poona kuti lamulo la ku Japan lidafika mu 2020 pamene ana a m'kalasi mwathu amafika akamaliza mutu wa malonda.

Bambo aja adafunsanso za makampani amene amagulitsa unkhoswe: umawalipira ndalama, iwo n'kukusainira. Alipo ndithu, ndipo ophunzira ochokera kunja amawadalira kwambiri. Ndalama imeneyo sibwerera, ndipo akakulipirira lendi amadzakulondola kuti uwabwezere. Maulama ambiri amaona kafala ngati ntchito yachifundo yosayenera kugulitsidwa, ndipo bungwe la International Islamic Fiqh Academy pa msonkhano wake wa ku Jeddah mu 1985 lidagamula kuti pa kalata ya unkhoswe tingalipiritse zowonongedwa pokonza mapepala zokha, osati unkhoswe weniweniwo. Amene wapanikizika, alibiretu kolowera, akambe ndi shehe wa kumene aliko, amene akuona m'mene zinthu zilili. Koma m'bale kulipiritsa m'bale wake kuti amusainire, monga tikumvera kuti ena ayamba, chimenecho ife sitingachivomereze.

M'MENE IDATHERA

Tidalangiza bambowo kuti asakane, komanso asasaine pepalalo momwe lidalili. Apemphe zinthu zitatu zilembedwe: kuti unkhoswe ndi wa miyezi 12 yokha, kuti sudzapitirira ndalama yakutiyakuti, ndiponso kuti lendi ikangochedwa adziwitsidwe mwezi womwewo, osadikira ngongole iunjikane. Pepalalo akalionetse ku Citizens Advice kapena ku Shelter, mabungwe amene amalangiza za nyumba mwaulere, pakuti ife ndife aphunzitsi a madrasa, si maloya. Ndipo iwo ndi mwana wa mlongo wawoyo alemberane pepala lawolawo pamaso pa mboni ziwiri, lonena m'mene adzabwezerane zikadzavuta. Ena amaona ngati kulemberana ndi m'bale ndi kumunyoza, koma ndime yaitali kuposa zonse m'Qur'an, ya 282 m'Surat Al-Baqara, ikukamba za kulemba ngongole.

Mayiyo tidamuuza kuti nthawi ino lendi izidutsa ku banki, asunge umboni wa mwezi uliwonse, ndipo afunse za ndondomeko zimene zimatumiza mbiri ya kulipira lendi ku makampani atatu aja, kuti dzina lake liyambe kudziwika popanda kukongola kanthu. Tidafunsanso bambowo, poti ndi mmodzi wa akuluakulu a pa mzikiti wawo, ngati jamaat singakhazikitse thumba loimira anthu otere, m'malo moti katundu yense azigwera anthu awiri atatu okhala ndi nyumba. Adati akakambirana.

Ejenti woyamba uja adakana kusintha ngakhale liwu limodzi, ndipo nyumbayo idapita kwa wina. Patapita masabata asanu mayiyo adapeza ina, yaing'ono pang'ono komanso yotalikira ku ntchito, imene mwini wake amaiyang'anira yekha. Ameneyo adakhala naye pansi, naona mapepala a ku banki, navomera unkhoswe wa chaka chimodzi wokhala ndi malire. Amalume adasaina Lachisanu atachoka ku Jumu'a, ndipo ana aja tidatsanzikana nawo pa madrasa mwezi wotsatira.