"Shapu" ndi liwu lathu, koma lili ndi malo ake

Pamsika wa Chinguluwe ku Salima, mnyamata wa kabaza akalandira ndalama yake amangoti "shapu", n'kutembenuza njinga. Liwuli ndi lachingerezi, sharp, ndipo kwa eni ake limanena za mpeni wakuthwa, munthu wochenjera, kapena nthawi yeniyeni imene anthu apangana. Wakabazayo sakunena chilichonse mwa izi. Iye akuti zikomo, tamvana, tionana, zonse pakamodzi, ndipo mnzake akamufunsa kuti "Zikuyenda?" yankho limakhala lomwelo. Tanthauzo limeneli linakulira m'makomboni a anthu akuda ku South Africa, kumene amalitchula kawiri, chala chachikulu chili m'mwamba. Kuti lifike kunyanja kuno n'zosadabwitsa, poti njira ya ku Joni ndi yakale. Azigogo athu ankapita kumigodi kudzera ku Wenela mpaka boma litaletsa mu 1974, ndipo lero achinyamata akupitabe pabasi, n'kubwerako ndi katundu komanso kayankhulidwe.

Ena amadandaula kuti mawu otere akuwononga Chichewa. Koma chilankhulo chathu sichinayambe lero kulandira alendo. Nsapato ndi ganyu tinatenga ku Chipwitikizi, sukulu ndi buku ku Chingerezi, ndipo mlimi wa thonje akamalemba aganyu m'munda mwake saganiza n'komwe kuti akulankhula chilendo. Shapu nayenso tinamuumba kuti akhale wathu: tinamuika "u" kumapeto, pakuti mawu a Chichewa sathera m'malere, ndipo timati "zili shapu", "ndili shapu", monga timanenera kuti "zili bwino".

Komabe odandaulawo ali ndi mfundo imodzi yosafunika kuinyoza. Moni wa Chichewa ndi wautali mwadala. Munthu akafunsa kuti "Mwadzuka bwanji? Nanga ana kunyumba?" m'pamene amamva kuti mwana wagona ndi malungo, kapena kuti kutsidya kwagwa zovuta. Shapu amadula nkhani isanayambe, ndiponso alibe ulemu wa "inu": amamveka chimodzimodzi kwa mwana ndi kwa agogo. Vuto tsono si kumene liwuli linachokera, koma amene akuuzidwa. Makolo ndi aphunzitsi, musavutike kuliletsa, silichoka. Aphunzitseni ana kuti shapu ndi wa pakati pa anzawo. Kwa apongozi, kwa amfumu ndi pamaliro, mawu ake ndi "zikomo".