Tidziwe Nthaka ya M'madimba Athu

Kuno ku Tete mvula ndi yochepa, dzuwa ndi laukali. Chakudya chathu chambiri chimachokera m'madimba a m'mbali mwa Zambezi ndi Revúbuè, ndi m'chigwa cha Nhartanda.

Nthaka ya m'madimbamu inabwera ndi madzi. Mtsinje ukasefukira umasiya mchenga ndi matope. Tikakumba dzenje lofika m'chiuno tiona mizere: apa mchenga, apa dothi lakuda, pansi pake mchenganso. Mzere uliwonse unasiyidwa ndi chigumula chake. Akatswiri a nthaka amaitcha Fluvisol.

Koma si yonse yofanana ayi. Titape dothi lonyowa, tiliumbe m'manja. Likamwazika, ndi mchenga. Madzi amangodutsa, apo n'pa mbatata ndi mavwende. Likamata ngati dongo la mbiya, ndi makande. Madzi amadikha, mizu ya tomato imaola. Likaumbika koma n'kusweka tikalidina ndi chala, eya, ndiyo nthaka tikuifunayo! Madzi amalowa pansi msanga, chinyontho chimatsala. Apo tibzale chimanga, nyemba, anyezi ndi kabichi.

Kale Zambezi unkatithirira chonde chaka ndi chaka. Chitsekereni damu la Cahora Bassa mu 1974, matope ambiri amatsalira m'damumo. Tsono manyowa tizithira tokha. Mbuzi tili nazo, ndowe zake zisamangouma m'khola. Mapesi tisawotche, tiwakwirire.

Revúbuè ulibe damu lotero. Unasefukira mu 2019, unasefukiranso mu 2022. Nkhokwe ndi mbewu za kopaletivi yathu tiziika kumtunda.