Kuuluka popanda injini: phunziro la miimba ya ku Kazuni



Munthu akabwera kuchokera ku Kazuni, pachipata cha nkhalango ya Vwaza Marsh m'boma la Rumphi, nkhani yake imakhala ya mvuu zodzaza m'nyanja ya Kazuni ndi njovu zobwera kudzamwa madzi madzulo. Ife lero tikuti tikweze maso. M'miyezi ya October ndi November, dzuwa likamayandikira paliwombo, mudzaona miimba, akabawi kapena adokowe akuzungulira mumlengalenga, mapiko ali tambasu, osakupiza ngakhale kamodzi, koma akukwerabe mpaka kusanduka timadontho. Mu Qur'an, Surah Al-Mulk ndime 19 imatiitana kuti tiziyang'ane mbalame zimenezi ndi kulingalira za Allah amene amazigwira kuti zisagwe.

A Fomu 3 ndi Fomu 4 amaloweza mawu oti convection pokonzekera mayeso a MSCE, koma ambiri sadziwa kuti chinthucho chimachitika pamwamba pa mitu yawo tsiku lililonse. Sadziwanso kuti kuli anthu amene amapikisana kuuluka makilomita mazanamazana podalira mphamvu yomweyo, m'ndege zopanda injini zotchedwa magilaida.

Chimakweza mbalame n'chiyani?

Dzuwa limawotcha nthaka, kenako nthaka imawotcha mpweya umene uli pamwamba pake. Mpweya wotentha umapepuka, choncho umanyamuka n'kumakwera ngati utsi. Malo onse satentha mofanana. Palupsa, pathanthwe ndi pamunda wolimidwa kumene pamatentha msanga, pomwe pamadzi ndi padambo pamachedwa. N'chifukwa chake mbalame za ku Kazuni zimakonda kukwerera kumtunda kouma osati pakati pa nyanja. Kamvulumvulu amene amanyamula fumbi ndi masamba pabwalo ndi chizindikiro choti mpweya ukukwera pamenepo. Mpweyawo ukafika m'mwamba mozizira, chinyezi chake chimasanduka mtambo woyera ngati thonje, wosalala kunsi. Kwa woyendetsa gilaida, mtambo wotero ndi chikwangwani.

Gilaida ili ndi mapiko aatali, oonda: mamita 15, mamita 18, zina kupitirira mamita 25. Ikakhala pamtunda wa kilomita imodzi m'mwamba, imatha kuyenda makilomita 40 kapena 50 isanakhudze pansi. Ntchito ya woyendetsa ndi kukwera mumpweya wotentha, kuwongoka n'kumatsetsereka kulowera komwe akupita, kupeza mpweya wina, n'kukweranso.

Anthu akhala akusirira zimenezi kuyambira kale. Wolemba mbiri al-Maqqari anasimba za Abbas ibn Firnas, Msilamu wa ku Córdoba amene anamwalira mu 887, kuti anadzipangira mapiko, nauluka kamtunda ndithu, koma anavulala msana potera. Otto Lilienthal wa ku Germany anauluka kambirimbiri pamapiko opanda injini mpaka pamene anafa pangozi mu 1896. Mpikisano woyamba wa padziko lonse unachitikira paphiri la Wasserkuppe ku Germany mu 1937, ndipo mu December 2001 unafika kwa anansi athu, ku Mafikeng m'dziko la South Africa. Mpikisano wotere umatenga pafupifupi masabata awiri. Tiyeni tione tsiku limodzi momwe limayendera.

Kuyambira Fajr mpaka Dhuhr

Kukangocha, pabwalo la ndege pamakhala piringupiringu. Woyendetsa aliyense amakhala ndi omuthandiza, nthawi zambiri abale ake kapena anzake. Amapukuta mapiko mpaka kuwala, chifukwa fumbi ndi tizilombo tomatirira kutsogolo kwa phiko zimasokoneza mpweya n'kuchepetsa liwiro. Mipata ya polumikizira mapiko amaimata ndi tepi.

Kenako amachita chinthu chodabwitsa: amathira madzi m'mapiko, nthawi zina malita 200, dramu lathunthu. Ambiri tingaganize kuti ndege yopanda injini iyenera kupepuka. Zoona zake n'zakuti gilaida yolemera imatsetsereka mtunda womwewo koma mwachangu, ngati njinga yonyamula thumba la chimanga pachitsetse. Kuipa kwake n'kwakuti imakwera pang'onopang'ono. Tsiku likakhala lotentha bwino madziwo amapindulitsa, koma mpweya ukafooka woyendetsa amatsegula mpopi n'kuwataya. Akuluakulu a mpikisano amayeza gilaida pasikelo kuti isapitirire kulemera kololedwa, kenako imakokedwa n'kukandandalikidwa kumapeto kwa msewu wonyamukira.

Cha m'ma 10 koloko onse amasonkhana. Katswiri wa zanyengo amafotokoza nthawi imene mpweya uyambe kukwera, kutalika kwa mitambo, kolowera mphepo komanso ngati kuli chiopsezo cha mabingu. Potengera zimenezo, akuluakulu amalengeza ulendo wa tsikulo: malo awiri, atatu kapena anayi oti aliyense akakhotere asanabwerere pabwalo. Nthawi zambiri umakhala makilomita 300 mpaka 500 kapena kuposerapo. Poyerekeza, msewu wochokera ku Mzuzu kupita ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 350.

Akatha apo, chotsala n'kudikira. Oyendetsa amabisala dzuwa kunsi kwa mapiko, kumwa madzi, kuyang'ana kumwamba. Pena amatumiza gilaida imodzi kuti ikayese ngati mpweya wayamba kunyamula. Masiku ena mitambo yamvula imatseka dzuwa, ndipo ntchito yonse ya m'mawa imathera pomwepo: madzi amatayidwa, ndege zimabwezedwa. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kuyambira Dhuhr mpaka Asr

Nyengo ikalola, ndege zing'onozing'ono za injini zimayamba kukoka magilaida imodziimodzi ndi chingwe. Pamtunda wa mamita pafupifupi 600 m'mwamba, woyendetsa amamasula chingwecho n'kutsala yekha. Mpikisano sutsegulidwa mpaka onse a gulu limodzi atanyamuka, kuti pasakhale wodandaula. Aliyense amadzisankhira nthawi yodutsira mzere woyambira, ndipo apa pamagona nzeru. Woyamba msanga amasonyeza anzake pomwe pali mpweya wabwino, iwo n'kumangomutsatira. Wochedwa kwambiri dzuwa limamuthera panjira.

M'kachipinda ka woyendetsa muli kachida kotchedwa variometer. Ndege ikamakwera kamalira mokweza ndi modukizadukiza, ikamatsika kamalira motsitsa. Motero woyendetsa amamva ndi makutu, maso ali kunja. Izi n'zofunika chifukwa mumpweya umodzi mumatha kulowa magilaida 20 kapena kuposa, kuzungulira pamodzi ngati miimba yaona nyama. Lamulo n'lakuti woyamba kulowa ndiye amasankha mbali yozungulirira, ndipo otsatira onse amalowera komweko. Aliyense amavala parachuti. Magilaida ambiri ali ndi kachida kochenjeza za kugundana kotchedwa FLARM, kamene kanapangidwa ku Switzerland mu 2004. Kulowa mumtambo n'koletsedwa, popeza mkati mwake munthu saona mnzake ngakhale nthaka. Akakwera kupitirira mamita 3,000 kapena 4,000, amayamba kupuma okosijeni wa m'botolo.

Kwa maola atatu mpaka asanu woyendetsa amakhala akusankha. Mtambo uti ukukula, uti ukutha? Ndiime pano ndikwere, kapena ndipitirire ndikapeze mpweya wamphamvu kutsogolo? Woima pampweya uliwonse amachedwa, wodumpha yonse amakathera pansi. Mbalame zimathandizanso: mwimba ukamazungulira penapake, oyendetsa amathamangira pomwepo. Katswiri wa zamoyo Colin Pennycuick anachita kuuluka limodzi ndi miimba ya ku Serengeti ku Tanzania, m'gilaida yokhala ndi kainjini, kuti aphunzire maulukidwe ake. Kumwera kwa Africa kuno, komwe dzuwa ndi lamphamvu, opambana amamaliza ulendo paliwiro loposa makilomita 130 pa ola.

Kuyambira Asr mpaka Isha

Dzuwa likapendeka nthaka imayamba kuzizira ndipo mpweya wokwera umachepa. Woyendetsa amawerengera, mothandizidwa ndi kakompyuta, kuti akwere mamita angati kuti akafike pabwalo osaimanso. Akakwera mopitirira wataya nthawi, akaperewera sakafika. Poyandikira amataya madzi aja, ndipo ochemerera amaona michira yoyera ikutsatira mapiko.

Si onse amafika. Amene mpweya wamuthera amasankha munda wosalala, wopanda mawaya a magetsi, n'kutera. Amapepesa kwa mwini munda, amaimbira omuthandiza, iwo amabwera ndi ngolo yaitali yokokedwa ndi galimoto. Amazula mapiko, kulongedza, ndipo pena amafika pamsasa usiku anzawo atagona. Mawa lake ayenera kudzukanso m'mamawa.

Palibe amene amangonena pakamwa kuti ndinafika pakutipakuti. Kale ankajambula chithunzi pamalo okhotera, lero kachida ka GPS kamalemba njira yonse, ndipo oweruza amaiona pakompyuta. Wothamanga kuposa onse amapata mapointi ofika 1,000 patsiku. Woterera kumunda amangolandira a mtunda umene wayenda. Mapointi a masiku onse amaphatikizidwa, choncho katswiri ndi amene wachita bwino tsiku ndi tsiku. Kupupuluma kwa tsiku limodzi kumawononga khama la masabata awiri.

Tibwerere kwathu

Zimenezi si za ku Ulaya kokha. Ku Potchefstroom ku South Africa, abale awiri, Uys ndi Attie Jonker, anayambitsa kampani yopanga magilaida, ndipo ndege yawo ya JS1 inauluka koyamba mu 2006. Lero ndege zawo zimapikisana pamipikisano ya padziko lonse. Zida zawo ndi masamu ndi Physics zomwe mukuphunzira m'kalasimu.

Adokowe oyera amene amafika m'chigawo chino cha Africa nyengo yadzinja amachokera ku Ulaya pogwiritsa ntchito njira yomweyi. Amapewa kuwoloka pakati pa nyanja ya Mediterranean chifukwa pamadzi palibe mpweya wowakweza, n'kumadzera ku Gibraltar kapena ku Bosphorus komwe madzi ndi opapatiza.

Pempho lathu ndi ili. Sabata ino, mukatuluka mumzikiti pambuyo pa swala ya Dhuhr, imani mphindi zisanu muyang'ane kumwamba. Lembani m'kope mbalame imene mwaona ikuzungulira, nthawi yake, mtundu wa nthaka imene ili kunsi kwake, komanso ngati pamwamba pake pali mtambo. Chitaninso chimodzimodzi pambuyo pa Asr, mufananize. Mubweretse zomwe mwapeza kwa aphunzitsi a sayansi, ndipo zolongosoka bwino tidzazisindikiza m'kalata yotsatira, Insha Allah.