Magazi anu omwe amapoletsa bala la dzino

Mukachotsetsa dzino kuchipatala, m'dzenje lotsalalo mumadzaza magazi, ndipo patapita mphindi zingapo amaundana. Ambiri amawaona ngati uve, ndiye amalavula, amachukucha m'kamwa, ena mpaka kutokosa ndi kamtengo. Dziwani kuti magazi oundanawo ndiwo amaphimba fupa la nsagwada, ndipo mnofu watsopano umayambira pomwepo.

Akachoka msanga, fupa limakhala pamtunda. Pakatha masiku awiri kapena anayi ululu umabwera woposa wa dzino lija, umafika mpaka kukhutu, ndipo m'kamwa mumanunkha. Osuta fodya ndiwo amavutika nazo kwambiri.

Madokotala a mano ali ndi njira yothandizira magazi pantchito imeneyi. Imatchedwa PRF, ndipo anaiyambitsa dokotala wa ku France, Joseph Choukroun, cha m'ma 2001. Asanayambe kuchotsa dzino amatenga magazi pang'ono pamkono panu, mamililita 10 m'kabotolo kamodzi, ofanana ndi masupuni awiri a tiyi. Nthawi zina amatenga timabotolo tingapo. Amatiika m'makina amene amatizunguza mwaliwiro kwa mphindi 10 kapena 12. Pozungulirapo magazi amapatukana: ofiira, popeza ndi olemera, amatsikira pansi, madzi amakwera pamwamba, ndipo pakati pamatsala kanthu kachikasu kolendereka. Mmenemo ndimo mwaunjikana tizigawo ta magazi timene pa Chipwitikizi amati plaquetas, pamodzi ndi maselo oyera olimbana ndi matenda. Tizigawoti ndi timene timaumitsa magazi mukadzicheka ndi chikwanje, komanso timatulutsa zinthu zofulumizitsa mnofu kumera. Dokotala amaika kanthuko m'dzenje la dzino, kawirikawiri n'kusokapo.

Tikudziwa kuti m'midzi mwathu nkhani yotenga magazi imaopsa ena, makamaka chifukwa cha mphekesera za anamapopa. Apa palibe chobisika. Magaziwo ndi anu, sawasakaniza ndi mankhwala, ndipo amabwerera m'thupi mwanu tsiku lomwelo. Simungatenge matenda a munthu wina, bola singano ikhale yatsopano. Muli ndi ufulu wofunsa ndi kuona akuitsegula.

Kafukufuku wasonyeza kuti njirayi imachepetsa ululu, kutupa ndi vuto la fupa lokhala pamtunda lija, makamaka akachotsa mano omaliza kumera kumapeto kwa nsagwada. Koma sichiritsa dzino lobooka, ndipo dzino lochotsedwa silimeranso. Imafunanso makina ndi magetsi, choncho imapezeka kwambiri m'zipatala za m'mizinda ikuluikulu. Musagulitse mbuzi kuti mukaifunefune. Mabala ambiri a mano amapola bwino popanda PRF, ngati mwasamala magazi amene thupi laika lokha.

Kusamala kwake n'kotere. Lumani thonje limene akupatsani kwa mphindi 30 mpaka ola limodzi. Tsiku loyamba musachukuche m'kamwa, musalavulelavule, musamwe chinthu ndi kapaipi, ndipo khasu liyambe lapuma. Fodya, kaya wosuta kaya woika m'kamwa, musiyeni kwa masiku atatu kapena kuposa, kachasunso chimodzimodzi. Idyani phala lozizirirako, nthochi kapena mbatata yofewa, mukutafunira mbali inayo. Nzimbe, mtedza ndi chimanga chokazinga zidikire sabata. Kuyambira tsiku lachiwiri, sungunulani theka la supuni ya tiyi ya mchere m'kapu ya madzi owiritsa ofunda, muzitsuka pang'onopang'ono mukatha kudya. Musaikemo phulusa, mafuta a galimoto kapena madzi a batire.

Musanachotsetse dzino, muuzeni dokotala ngati muli ndi matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, pathupi, kapena ngati mumamwa aspirin ndi mankhwala ena oletsa magazi kuundana. Magazi akapitirira kutuluka ngakhale mwaluma thonje lina, ululu ukamakula m'malo mochepa, thupi likatentha, kapena tsaya likatupa mpaka kuvutika kumeza, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo.