Masamu a mtunda: chifukwa chake funso limodzi limatulutsa mayankho awiri

Mu Disembala 2009, zivomezi zingapo zinagwedeza boma la Karonga ndipo nyumba zambiri zinagwa. Akatswiri anatha kuloza pamapu malo amene chivomezi chilichonse chinayambira, ngakhale palibe munthu analowa pansi pa nthaka kukaona. Njira yawo imachokera ku masamu amene ana asukulu za sekondale amaphunzira pokonzekera mayeso a MSCE: kuwerengera mtunda pakati pa malo awiri pagalafu.

Pagalafu, malo aliwonse amadziwika ndi manambala awiri. Ya x imanena kutalika kwa ulendo wopita kumanja kapena kumanzere, ndipo ya y imanena kukwera kapena kutsika. Kalembedwe aka kanafala pambuyo pa buku la René Descartes wa ku France lotchedwa La Géométrie, lomwe linatuluka mu 1637. Koma lamulo lowerengera mtunda ndi lakale kwambiri. Limatchulidwa ndi dzina la Pythagoras wa ku Greece, ngakhale anthu a ku Babylon ankalidziwa zaka zoposa 1,000 iye asanabadwe. Amisiri omanga nyumba amaligwiritsa ntchito poyeza mbali za 3, 4 ndi 5 kuti kona ya maziko ikhale sikweya.

Lamulo lake ndi ili: tengani kusiyana kwa ma x awiri, muchulukitse ndi nambala yomweyo, chitani chimodzimodzi ndi ma y, muphatikize ziwirizo. Zimene mwapeza zimafanana ndi mtunda wochulukitsidwa ndi iwo womwe.

Funso limakoma likatembenuzidwa, mtunda n'kupatsidwa koma nambala imodzi ya malo n'kubisidwa. Tiyerekeze kuti malo A ali pa (2, 3), malo B ali pa (x, 7), ndipo mtunda wake ndi 5. Kusiyana kwa ma y ndi 4, ndipo 4 × 4 ndi 16. Mtunda ukutipatsa 5 × 5, yomwe ndi 25. Choncho (x − 2)² + 16 = 25, ndipo tikachotsa 16 mbali zonse, (x − 2)² = 9.

Apa ndi pamene ambiri amataya malikisi. Amalemba kuti x − 2 ndi 3, n'kupeza x = 5, basi atseka kope. Komatu −3 × −3 imaperekanso 9, kotero x − 2 itha kukhala −3, ndipo x n'kukhala −1. Malo (5, 7) ndi (−1, 7) onse ali pa mtunda wa 5 kuchokera pa A.

Ganizirani mbuzi yomangidwa pachikhomo ndi chingwe cha mamita 5, ndipo njira yowongoka ikudutsa mamita 4 kuchokera pachikhomocho. Chingwe chikakokeka mpaka kuthera, mbuziyo imafika panjirayo malo awiri, ena kumanja, ena kumanzere. Chingwe chikanakhala cha mamita 4 ndendende, ikanangoigunda pamalo amodzi. Chikanafupika kuposa pamenepo, sikanaifika n'komwe, ndipo pakope mungapeze nambala yochulukitsidwa ndi iyo yomwe ikufanana ndi nambala yochepera ziro, chizindikiro chakuti malo oterowo kulibe.

Akatswiri a zivomezi amakumana ndi vuto lomweli. Chivomezi chimatumiza mafunde amitundu iwiri m'nthaka. Otchedwa P amathamanga pafupifupi makilomita 6 pasekondi m'miyala ya pamwamba pa dziko, pamene otchedwa S amatsalira m'mbuyo. Nthawi yodutsa pakati pa kufika kwa mafunde awiriwa imauza siteshoni yoyezera kuti chivomezi chili kutali bwanji, koma siinena mbali yake. Siteshoni imodzi imangojambula mzere wozungulira pamapu. Ya chiwiri ikajambula wake, mizereyo imadutsana malo awiri. Ya chitatu ndiyo imagamula kuti enieni ndi ati.

GPS ya mufoni imayendanso motero. Masetilaiti ake amazungulira pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200 kuchokera padziko, ndipo foni imawerengera kutalika kwa iliyonse poona nthawi imene uthenga wake watenga kufika. Pamafunika masetilaiti osachepera 4, chifukwa zosadziwika ndi zinayi: manambala atatu a malo, kuphatikizapo kulakwitsa kwa wotchi ya mufoniyo.

Kwa mwana amene ali m'chipinda cha mayeso, zimene ayenera kuchita n'zosavuta kukumbukira. Lembani mayankho onse awiri, kenako muwerengenso funso. Ngati likunena kuti x ndi yoposa ziro, kapena kuti B ali kumanja kwa A, tayani −1 ndipo mulembe chifukwa chake. Ngati silikunena kanthu, onse awiri ndi olondola, ndipo kusiya limodzi ndi kuyankha theka la funso.