Mita ya Magetsi Nayo Ili ndi Chinenero Chake

Nkhani ya lero ndi yonena za kabokosi kamene kamakhala pakhoma la nyumba zokhala ndi magetsi, kamene anthu amakatcha mita. Pa Khonjeni, m'boma la Thyolo, kabokosika kamapezeka m'magolosale, m'malo ometera tsitsi, m'malo otchajira mafoni ndiponso m'nyumba zina za anthu ogwira ntchito m'minda ya tiyi. Ambiri amakaona ngati chinthu chopanda nzeru, chongodikira kuti munthu alowetsemo manambala. Koma mita ili ndi chinenero chake, ndipo m'chaka cha 2024 chinenerocho chinasintha. Amene sanamve za kusinthaku akadatha kutaya ndalama zao pogula magetsi, koma n'kugonabe mu mdima.

Kale, bungwe la ESCOM linkatumiza munthu wake kudzawerenga mita mwezi ndi mwezi, ndipo bilu inkabwera pambuyo, magetsi atagwiritsidwa kale ntchito. Masiku ano nyumba zambiri zili ndi mamita olipiriratu. Munthu amagula mayunitsi kudzera pa Airtel Money, pa TNM Mpamba, ku banki kapena kwa ogulitsa ena, nalandira manambala 20 otchedwa tokeni. Akawalowetsa mu mita, magetsi amayaka. Chofunika kuchimvetsa apa ndi chakuti mamita ambiri otere salankhula ndi ofesi ya ESCOM pa lamya kapena pa intaneti ai. Uthenga wonse umene mita imalandira umakhala m'manambala 20 aja basi.

Tsono kuti mita imve manambalawo, payenera kukhala pangano la kalembedwe kake. Pangano limeneli limatchedwa STS, ndipo linakonzedwa ku South Africa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, pamene bungwe la magetsi la Eskom linkafuna kuti mamita opangidwa ndi makampani osiyanasiyana azimva chinenero chimodzi. Pambuyo pake panganoli linafalikira ku maiko ambiri, ndipo Malawi ndi limodzi mwa maiko amene amalitsatira.

M'manambala 20 aja mumabisala zinthu zingapo. Choyamba ndi kuchuluka kwa mayunitsi amene agulidwa. Chachiwiri, manambalawo amatsekedwa ndi kiyi yachinsinsi imene imagwirizana ndi mita imodzi yokha, ndipo ichi ndicho chifukwa chake tokeni yogulira nyumba ya pa Khonjeni singagwire ntchito m'nyumba ya pa Luchenza. Chachitatu ndi nthawi imene tokeniyo inagulitsidwa. Mita imasunga m'mutu mwake nthawi za matokeni amene yalandira kale, kuti munthu wochenjera asalowetse manambala omwewo kawiri. Ikaona tokeni imene nthawi yake ndi yakale kuposa zonse zimene ikukumbukira, imaikana.

Vuto linagona pa kawerengedwe ka nthawi kameneka. Nthawi ya tokeni silembedwa ngati tsiku, mwezi ndi chaka, koma ngati chiwerengero cha mphindi zimene zapita kuchokera pa 1 January, 1993. Amisiri amene anakonza panganoli anapatula malo 24 okha osungira chiwerengerochi, ndipo pa malo alionse pamakhala 0 kapena 1, monga mmene makina onse a kompyuta amawerengera. Malo 24 otere amatha kusunga manambala osiyanasiyana okwana 16,777,216. Mphindi zochuluka chotere ndi zaka 31 ndi miyezi pafupifupi 11. Kotero munthu akawerenga kuyambira mu 1993, nkhokwe ya mphindiyi inali yoti idzaze pa 24 November, 2024, ndipo pambuyo pake chiwerengero chikadayambiranso pa 0, monga mmene kawerengero ka mtunda ka galimoto yakale kamabwererera pa chiyambi kakafika pa mapeto. Tokeni yatsopano ikadaoneka ngati ya m'chaka cha 1993, ndipo mita ikadaikana nkumati ndi yakale.

Anthu othyola tiyi angathe kuimva bwino nkhaniyi poganizira buku la kalaliki wa pa sikelo. M'bukumo amalembamo makilogalamu a masamba amene aliyense wathyola, tsamba ndi tsamba, tsiku ndi tsiku. Buku likadzaza, kalaliki sabwerera pa tsamba loyamba kukalemba pamwamba pa zakale, pakuti akatero palibe angadziwe za lero ndi za chaka chatha. Amatseka buku lakale, natsegula latsopano, ndipo onse amene ali ndi malipiro otsalira m'buku lakale ayenera kuwerengeredwa lisanatsekedwe.

Izi ndizo zinachitika ndi mamita. Panagwirizanidwa kuti mphindi ziyambe kuwerengedwa mwatsopano kuchokera pa 1 January, 2014, ndi kuti mita iliyonse ipatsidwe kiyi yatsopano. Chokoma chake n'chakuti sipanafunike kuzula mita pakhoma ndi kugula ina. Njira imene mabungwe a magetsi anatsatira inali yopereka matokeni awiri apadera, aliyense wa manambala 20, amene sakhala ndi mayunitsi koma amangosintha kiyi ndi kufafaniza nthawi zakale zimene mita inkakumbukira. Mwini nyumba amalowetsa tokeni yoyamba ndi kudikira kuti mita iivomereze, kenaka yachiwiri, ndipo potsiriza pake ndi pamene amalowetsa tokeni ya mayunitsi amene wagula.

Apa panali msampha umodzi umene uyenera kufotokozedwa bwino. Pali anthu amene amagula mayunitsi pa tsiku la malipiro nasunga manambala ake mu foni kapena pa kapepala kuti adzawalowetse pakati pa mwezi. Tokeni yotere inatsekedwa ndi kiyi yakale. Mita ikangolandira kiyi yatsopano, tokeni yakaleyo siimvanso, ngakhale kuti sinagwiritsidwepo ntchito. Chifukwa chake lamulo loyamba linali lakuti matokeni onse akale alowetsedwe kaye kiyi isanasinthidwe. Mayunitsi amene ali kale mu mita satayika pa kusinthaku.

Ngakhale tsiku lija linadutsa, nkhaniyi ikadali ndi ntchito. Mita imene sinasinthidwe sinazimitse magetsi pa tsikulo. Inapitiriza kupereka mayunitsi amene inali nao. Vuto limaoneka pokhapokha mwini wake akafuna kuonjezera ena. Pali nyumba zimene zakhala zotseka nthawi yaitali chifukwa eni ake ali ku Joni, ndiponso mashopu amene anaima ntchito nkudzatsegulidwanso. Munthu wotere akaona mita ikukana tokeni yatsopano asafulumire kunena kuti yafa, ndipo asaitane munthu wamba kuti atsegule kabokosiko, pakuti kulumikiza magetsi mozemba mita ndi mlandu, komanso kungathe kuyatsa nyumba. Choyenera ndi kupita ku ofesi ya ESCOM ndi nambala ya mita kukafunsa za matokeni osinthira kiyi. Amalawi amene anali ku Johannesburg mu November 2024 anaona mizere italiitali ya anthu pa maofesi a Eskom ku Soweto, ambiri mwa iwo atadikira mpaka masiku otsiriza. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Kusintha kotere sikuyamba ndi mamita. Achikulire amakumbukira chaka cha 1971, pamene dziko lino linasiya mapaundi ndi mashilingi ndi kuyamba kwacha ndi tambala. Paundi imodzi inasanduka makwacha awiri, shilingi imodzi inasanduka matambala 10, ndipo kwa kanthawi anthu ankawerengera m'mutu ndi ndalama zonse ziwiri. Wailesi ya kanema nayo inadutsa njira yomweyo. M'chaka cha 2006 maiko anagwirizana ku Geneva kuti aleke kuulutsa zithunzi m'njira yakale ndi kuyamba njira ya digito, ndipo anaika tsiku la 17 June, 2015, ngati malire. Kuno ku Malawi kunabwera madikoda a Kiliye Kiliye. Dikoda ndi womasulira: imamva chinenero chatsopano cha mu mlengalenga ndi kuchimasulira m'chinenero chimene kanema yakale imamva, kotero kuti banja silikakamizidwa kutaya kanema yake.

Ku maiko a ku Ulaya ndi ku America vuto lomweli limafika mpaka pa mababu ndi pa zitseko. Kumeneko kuli nyumba zimene magetsi amayaka okha dzuwa likalowa, ndipo mwini wake amatha kutseka chitseko kapena kuzimitsa mbaula ali kutali. Chinenero choyamba chofala cha zipangizo zotere chinali X10, chimene chinakonzedwa m'chaka cha 1975 ndi kampani ya Pico Electronics ku Glenrothes, m'dziko la Scotland. Chinenerochi chinkatumiza malamulo kudzera m'mawaya a magetsi a m'nyumba momwemo, koma chinali chochedwa, ndipo nthawi zambiri wotumiza lamulo sankadziwa ngati lafika. Pambuyo pake kunabwera Zigbee ndi Z-Wave, zimene zimayenda pa mafunde a wailesi, ndipo m'chaka cha 2022 makampani akuluakulu monga Apple, Google, Amazon ndi Samsung anagwirizana pa chinenero chimodzi chotchedwa Matter. Munthu amene anamanga nyumba yake pa X10 amakumana ndi funso lomwelo la pa Khonjeni: kodi chakale chitayidwe, chiphunzitsidwe chinenero chatsopano, kapena chipatsidwe womasulira? Amisiri odziwa ntchito amayamba ndi kulemba zipangizo zonse zimene zilipo, amaika kabokosi komasulira pakati pa zakale ndi zatsopano, nasamutsa chipinda chimodzi chimodzi, kusiya switchi ya pamanja ikugwirabe ntchito kuti nyumba isakhale mu mdima makina akakana.

Pa zonsezi pali maphunziro amene angathandize banja lililonse, kaya lili ndi magetsi a ESCOM kapena a sola amene amalipiridwa pang'onopang'ono ndi kutsegulidwa ndi manambala. Nambala ya mita, kapena ya chipangizo cha sola, ilembedwe m'buku ndi kusungidwa pabwino, osati mu foni mokha, pakuti foni imatayika. Tokeni ikagulidwa ilowetsedwe msanga, isamagone m'thumba. Pakabwera manambala angapo, alowetsedwe motsatira ndondomeko imene aperekedwa, ndipo munthu aziyang'ana kuti mita yavomera asanalowetse otsatira. Chidziwitso cha kusintha chikamveka pa wailesi, ntchitoyo ichitike masiku akadalipo, pamene maofesi sanadzaze. Ndipo mwana wa sukulu amene amadziwa kuwerenga manambala mofulumira athandize agogo ndi oyandikana nao, pakuti kulakwitsa nambala imodzi mwa 20 n'kokwanira kuti mita ikane.

Kwa mayi amene amagulitsa mafirizesi pa msika, kapena mnyamata amene amameta anthu tsiku la malipiro a m'minda ya tiyi, tsiku limodzi lopanda magetsi ndi ndiwo za banja lonse. Nkhokwe yatsopano ya mphindi, imene inayamba kuwerengedwa mu 2014, nayo ili ndi malire omwe aja, ndipo idzadzaza m'chaka cha 2045. Amisiri anaika kale chaka cha 2035 kuti chidzakhale chiyambi china chowerengera, kotero ana amene ali pa sukulu lero adzalowetsanso matokeni osinthira kiyi m'nyumba zao.